Kupeza Njira za Njinga Kunja kwa Tala ku Nkhotakota

(NYIMBO YOTSEGULIRA IMVEKE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Takulandirani ku pulogalamu yathu ya maphunziro a zamasewera. Lero tikamba za njinga yakapalasa, makamaka ya m'tinjira ta fumbi, ta mchenga ndi ta m'zitunda. Funso lathu ndi ili: munthu wofuna kupalasa mtunda wautali kunja kwa tala, kukwera ndi kutsika ndi mphamvu za miyendo yake, njira angazipeze bwanji kuno kwathu? Khalani nafe, ndipo amene muli ndi cholembera pafupi muchigwire, pakuti pomaliza tikusiyirani ntchito.

(NYIMBO IKWERE, KENAKO ITHE)

GAWO LOYAMBA: MITUNDU IWIRI YA MASEWERAWA

MUULUTSI: Masewera a njinga za m'mapiri anayambira ku California m'dziko la America m'zaka za m'ma 1970. Achinyamata a m'dera la Marin ankatenga njinga zakale zolemera n'kumathamangitsana nazo potsika mapiri, ndipo mpikisano wawo wotchuka wa Repack unayamba mu 1976. Ena mwa iwo, monga Joe Breeze ndi Gary Fisher, anayamba kupanga njinga zolimba zoti zizitha kukweranso. Mu 1990 bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse la UCI linachititsa mpikisano wake woyamba wa njinga za m'mapiri ku Durango, m'chigawo cha Colorado.

Kuchokera pamenepo masewerawa anapanga nthambi, ndipo zikuluzikulu ndi ziwiri. Yoyamba imatchedwa downhill. Wopalasa amayambira pamwamba pa phiri n'kutsetsereka mwaliwiro mpaka pansi, uku akudumpha miyala ndi mizu. Pakatha mphindi zitatu, zinayi, zikachuluka zisanu, mpikisano watha. Njinga yake ndi yolemera, ya masipuling'i akuluakulu kutsogolo ndi kumbuyo, moti kukwera nayo chitunda n'kudzizunza chabe.

Nthambi yachiwiri ndi cross-country. Apa munthu amadutsa dera lonse monga liliri: chikweza, mtsetse, chigwa, mtsinje, thengo. Njinga yake ndi yopepuka, ya makilogalamu pafupifupi 10, ndipo chimene chimayesedwa ndi mpweya wa munthu ndi kupirira kwake. Mtundu umenewu ndi umene unalowa m'masewera a Olimpiki mu 1996 ku Atlanta, kumene Bart Brentjens wa ku Netherlands ndi Paola Pezzo wa ku Italy anapambana. Ife a mu Africa sitili kutali nawo. Mpikisano wa Cape Epic wakhala ukuchitika ku South Africa kuyambira 2004, ndipo Alan Hatherly wa komweko anakhala wachitatu pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, chaka chomwecho n'kukhalanso katswiri wa dziko lonse. Kuno kwathu alendo amapalasa pa Nyika kuchokera ku Chelinda, ndipo ku Luwawa, m'nkhalango ya Viphya, kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga za m'mapiri.

Tsono tamvani zimene zimachitika ku mapiri a Alps ku Ulaya, m'matauni monga Morzine ndi Les Gets ku France. M'nyengo yozizira anthu amapitako kukatsetsereka pa chipale chofewa, ndipo amakwezedwa pamwamba pa phiri ndi mipando yoyenda pa zingwe zachitsulo. Chipale chikasungunuka, mipando yomweyo imanyamula njinga. Mapu amene mlendo amalandira amakhala ndi njira zamitundumitundu, zobiriwira kwa ophunzira mpaka zakuda kwa akatswiri, koma zambiri mwa izo zimaloza pansi. Wofuna kukwera ndi miyendo yake amayenera kufunafuna payekha misewu ya odula matabwa, tinjira ta abusa topita kumabusa a pamwamba, ndi njira zakale zolumikiza midzi. Amazipeza pofunsa okonza njinga ndi eni dera.

Nkhotakota nayo inatchuka ndi zinthu zina: nyanja, chambo cha pa Chia, mpunga, njovu, ndi mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Mlendo wobwera ndi njinga akayang'ana pa mapu amangoona misewu iwiri, M5 wa m'mbali mwa nyanja ndi M18 wopita ku Kasungu, n'kuganiza kuti kwatha. Chikhalirecho boma lino ladzaza ndi tinjira timene anthu amapalasamo tsiku ndi tsiku ndi matumba a mpunga, madengu a usipa ndi odwala opita kuchipatala. Njira sitikuzisowa. Chimene chatsala n'kuzidziwa, kuzilumikiza ndi kuzilemba.

(KANYIMBO KOPUMULIRA)

GAWO LACHIWIRI: KUWERENGA NTHAKA

MUULUTSI: Musanafunse munthu aliyense, yambani mwaliyang'ana dera. Madzi a nyanja yathu ali pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere. Kumadzulo, phiri la Chipata m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota limaposa mamita 1,600. Kusiyanako n'koposa mamita 1,000, ndipo n'chifukwa chake mitsinje yathu, Dwambazi, Dwangwa, Bua ndi Kaombe, imachokera kumtunda kumadzulo n'kumathamangira kum'mawa kukathira m'nyanja.

Zimenezi zimamuuza chiyani wopalasa njinga? Ganizirani mizere ya m'munda. Mukamayenda motsatira mzere, mumangopita myaa. Mukamadula mizere, phazi lililonse ndi kukwera ndi kutsika. M'zitunda zathu zilinso chomwecho. Njira yochoka kunyanja kuloza kumadzulo imatsata msana wa chitunda pakati pa mitsinje iwiri, imakwera pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo pobwerera ndi mtsetse wokoma. Njira yoyenda m'munsi mwa mapiri kuchoka kumpoto kupita kummwera imadula mitsinje ndi makwawa, choncho ndi yotopetsa ngakhale pa mapu ioneke yaifupi.

Boma lathu tingaligawe m'zigawo zitatu kwa wopalasa. Choyamba ndi mkombero wa pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja, monga kuchoka pa boma kulowera ku Chia. Kuno zitunda kulibe, koma kuli mchenga. Tinjira take timalumikiza madoko a asodzi, timadutsa m'minda ya chinangwa ndi pansi pa mango. Ndi malo abwino ophunzirira, ndipo mukatopa tala ali pafupi.

Chachiwiri ndi madambo a mpunga ndi minda ya nzimbe, cha ku Bua, ku Liwaladzi mpaka ku Dwangwa. Nthaka yake ndi yakuda. Ikauma imalimba gwa ndipo njinga imathamanga, ngakhale mapazi a ng'ombe amasiya timaenje togwedeza munthu. Ikanyowa imamatirira pa tayala mpaka gudumu limakana kuzungulira.

Chachitatu ndi kumtunda, makamaka dera la Mwansambo kulowera ku mapiri a Ntchisi. Kumeneko n'kumene kuli zikweza zenizeni, dothi lofiira, miyala ndi mitengo ya masuku ya m'thengo la tsamba ndi mombo. Amene akufuna cross-country yofanana ndi ya mpikisano akayang'ane kumeneko.

Ulendo wokoma ndi wozungulira, wophatikiza zigawo ziwiri kapena zitatu: kunyamuka m'mbali mwa nyanja, kudula dambo, kukwera msana umodzi, kutsika wina, n'kubwerera kunyumba osaponda paja munaponda kale.

(KANYIMBO KOPUMULIRA)

GAWO LACHITATU: MUFUNSE NDANI, MUFUNSE BWANJI

MUULUTSI: Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Akatswiri a njira za m'boma lino alipo, ndipo mumawaona tsiku lililonse. Oyamba ndi akabaza. Wakabaza amadziwa njira yachidule, amadziwa pamene mlatho unakokoloka, amadziwa pamene pali mchenga wokakamiza munthu kutsika. Achiwiri ndi a geni ya nsomba, amene amanyamuka kudoko mbandakucha kupita nazo kumisika ya kumtunda. Iwo amasankha chikweza chimene njinga yolemedwa ingakwere. Achitatu ndi alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, amene ntchito yawo imawafikitsa m'mudzi uliwonse. Musaiwalenso okonza njinga pamsika. Iwo amamva madandaulo a aliyense, choncho amadziwa njira yodula masipoko ndi njira ya minga.

Koma kafunsidwe n'kofunika. Mukafunsa kuti, “Kodi ndi kutali?” munthu wozolowera njirayo adzakuyankhani moona mtima kuti ndi pafupi, chifukwa kwa iye ndi pafupidi. Funsani zinthu zoti mungaziyeze. Mwachitsanzo: “Bambo, mukanyamuka pano dzuwa likutuluka, mumafika nthawi yanji?” “Pali mitsinje ingati, ndipo pali mlatho, ulalo, kapena mumawoloka mutanyamula njinga?” “Ndi malo angati amene mumatsika n'kumakankha?” “Mjigo womaliza uli pati?” Mayankho a mafunso anayi amenewa amakupatsani nthawi, zopinga, kulimba kwa chikweza ndi madzi akumwa. Mufunse anthu awiri kapena atatu osiyana, ndipo mulembe maina a midzi, masukulu, matchalitchi ndi mizikiti motsatana, pakuti zimenezo ndizo zikwangwani zathu.

Amene muli ndi foni ya intaneti, mapu a Google Maps ali ndi zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, ndipo tinjira tambiri timaoneka bwino. Phunzirani kuziwerenga. Poyera mbee ndi pamchenga. Pobiriwira pakati pa malo ouma ndi padambo. Kagulu ka mitengo ikuluikulu kotsala pakokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, ndipo kanjira kolowa mmenemo si kanu. Mapu a Dipatimenti ya Survey, aja a muyeso wa 1:50,000, ali ndi mizere yosonyeza kukwera kwa nthaka: mizere ikathithikana, dziwani kuti chitundacho n'choima. Komabe chithunzi cha mumlengalenga chikhoza kukhala cha zaka zapitazo, pomwe wakabaza wadutsapo m'mawa uno. Ziwirizi zikasemphana, mverani wakabaza.

Tsiku loyamba kuyesa njira yatsopano, pitani ndi mwini dera, ndipo mumulipire. Nzeru zimene akukupatsani anazipeza ndi thukuta, ndipo tsikulo wasiya makasitomala ake chifukwa cha inu.

(NYIMBO)

GAWO LACHINAYI: NYENGO NDI MPHEPO

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukamba za kupeza njira zopalasamo njinga kunja kwa tala kuno ku Nkhotakota.

Njira imodzi yomweyo imasintha katatu pa chaka. Kuyambira Disembala mpaka Epulo madambo amakhala m'madzi, maulalo amakokoloka, ndipo mtsinje umene munawoloka m'mawa madzi akulekeza m'akakolo ungakutsekereni madzulo chifukwa cha mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti: nthaka yauma koma sinasanduke fumbi, ndipo kunja n'kozizira bwino. Kungoti udzu umakhala wautali, ndipo m'mbali mwa tinjira ta m'thengo mumakhala chitedze, choncho malaya a manja aatali amathandiza. Pofika Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno kumatentha kwambiri ndipo mchenga umafewa. Nyamukani kusanache kuti pofika 10 koloko mukhale mutabwerako.

Pali mwambo wina umene asodzi angakuphunzitseni. M'miyezi yozizira kumawomba mwera, wochokera kummwera. Mukanyamuka kuloza kumpoto, mwera umakukankhani ndipo mumapita kutali osazindikira, koma pobwerera mumalimbana nawo mphamvu zitatha. Choncho m'nyengo ya mwera yambani mwaloza kummwera, mulimbane nawo mukadali ndi mphamvu, kuti pobwerera ukuperekezeni.

GAWO LACHISANU: MALIRE AMENE SITIDUMPHA

MUULUTSI: Omvera, gawo ili ndilo ndikufuna mulisunge koposa onse. Kanjira kalikonse kali ndi eni ake.

Tiyambe ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota. Ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, ndipo kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi Dipatimenti ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu zoposa 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mpanda wa magetsi umene mumauona ulipo kuti uteteze nyama ndi anthu omwe. Kanjira kakakufikitsani pampanda, ulendo wanu watembenukira pomwepo. Kulowa m'nkhalango kumadzera pageti, ndi chilolezo ndi malangizo a oyang'anira. Njinga imayenda mwakachetechete, ndipo njovu yodzidzimutsidwa, makamaka ya mwana, imathamanga kuposa wopalasa m'kanjira ka miyala.

Pafupi ndi nkhalangoyi kulinso kashembe, ntchentche zofalitsa matenda a kaodzera, ndipo Nkhotakota ndi limodzi mwa maboma amene matendawa amapezeka. Kashembe amakopeka ndi zinthu zoyenda komanso ndi mitundu yabuluu ndi yakuda. N'chifukwa chake nsalu zomukolera zimakhala za mitundu imeneyo. Valani zowala, zophimba manja ndi miyendo. Mukalumidwa, pambuyo pake n'kumamva kutentha thupi, litsipa kapena chotupa pamalo polumidwapo, thamangirani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kumene munayenda.

M'mitsinje ya Bua ndi Dwangwa komanso m'mbali mwa Chia muli ng'ona. Wolokani pamene eni mudzi amawolokera, osati pamene pakuoneka bwino m'maso mwanu. Ndipo musatsukire njinga kapena kusamba m'madzi odikha a m'bango, chifukwa ndi mmene mumakhala nkhono za likodzo.

Misewu ya m'minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ya ntchito. Pemphani kaye musanaigwiritse ntchito, ndipo m'nyengo yodula nzimbe apatseni mpata mathirakitala ndi malole, pakuti m'fumbi dalaivala sakuonani msanga.

Pomaliza, mwambo wa m'mudzi. Mukaona masamba atayalidwa panjira, pali maliro: tsikani panjinga, vulani chipewa, mukankhe mpaka mutadutsa masamba a mbali inayo. Kumanda ndi kudambwe salowako. Pakhomo pa munthu, pamjigo ndi pasukulu, liwiro lithe ndipo moni atsogole. Amayi osenza madzi kapena nkhuni, ana ndi okalamba ndiwo oyamba panjira. Pamene ayanika mpunga, chinangwa kapena usipa, lambalalani. Ngati muli gulu ndipo mukufuna kumadutsa njira imodzi kawirikawiri, kaonekereni kwa a mfumu, ndipo nkhani ikakula ifike kwa a T/A a deralo, kaya ndi a Malengachanzi, a Mwadzama, a Mwansambo, a Mphonde, a Kanyenda kapena a Kafuzira. Wopalasa mmodzi wamwano amatsekera anzake onse njira.

(KANYIMBO KOPUMULIRA)

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: NJINGA NDI KAPALASIDWE

MUULUTSI: Wachinyamata wina mwina akuti, “Zonsezi n'za anthu a njinga zodula.” Ayi, mwanawe. Njinga ya kaunjika ya magiya ndi yokwanira, ndipo ngakhale yopanda magiya imayenda bwino kunyanja ndi m'madambo. Chofunika n'chakuti mabuleki onse awiri azigwira, tcheni chikhale chothira mafuta pang'ono osati chonyowa moitana mchenga, ndipo masipoko akhale omangika. Nyamulani pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu wake, sipanala, madzi okwanira ndi kachakudya monga nthochi kapena mtedza. Helimeti ivalidwe, ndipo kunyumba adziwe kumene mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Pamchenga phwetsani matayala pang'ono, ikani giya yopepuka, khalani chakumbuyo kwa chishalo, ndipo musaleke kupalasa kapena kukhotetsa handulo mwadzidzidzi. Pachikweza sinthani giya musanayambe kulemedwa, ndipo mukhale pachishalo kuti tayala lakumbuyo lisaterereke. Pamtsetse imirirani pang'ono pa mapedulo, thupi chakumbuyo, gwirani mabuleki onse awiri mofatsa, maso patsogolo pomwe mukufuna kupita. Pamene mwakayika, tsikani mukankhe. Akatswiri nawonso amatero.

NTCHITO YA SABATA INO

MUULUTSI: Tsono nayi ntchito ija. Inu a m'makalabu a achinyamata, aphunzitsi a zamasewera ndi magulu a akabaza, sankhani njira imodzi yozungulira kwanuko, ya makilomita 10 mpaka 20. Ipalaseni limodzi ndi munthu woidziwa. M'kope lembani poyambira, midzi yodutsamo motsatana, mitsinje ndi kawolokedwe kake, mijigo, malo a mchenga, zikweza, nthawi imene mwatenga ndi mwezi umene mwayenda. Amene ali ndi foni ajambule njirayo ndi pulogalamu monga Strava, kapena aiike pa mapu aulere a OpenStreetMap. Kenako kaionetseni kwa a mfumu kuti akuuzeni pamene simuyenera kudutsa.

Dera lililonse likalemba njira imodzi, boma lathu likhala ndi mapu akeake a njinga, olembedwa ndi eni nthaka. Mlendo wogona m'malo ogona alendo a kunyanja adzakhala ndi chifukwa chotsalira tsiku lina, wakabaza adzapeza ntchito yolondolera alendo, wokonza njinga ndi mayi wa zitumbuwa kumtunda adzagulitsa, ndipo sukulu zathu zidzakhala ndi malo ochitira mipikisano popanda kuopa magalimoto a pa M5. Mukalemba, tumizani kuno ku wailesi, ndipo tidzawerenga njira zanu pa pulogalamu ino, dera ndi dera.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Mupalase bwino, mulemekeze eni njira, ndipo tikumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino.

(NYIMBO YOTSEKERA)